Mpamba ukapita ndi madzi, ngongole n'ja yani?

Palibe msonkhano wa achinyamata umene umatha m'dziko muno popanda munthu kuimirira ndi kunena kuti ntchito zolembedwa kulibe, tsono ana athu ayambe mabizinesi. Mawuwa ndi oona ndithu. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti tidalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo theka la chiwerengerochi adali ana osafika zaka 18. Ambiri mwa ana amenewo lero akula, atsiriza sukulu kapena aisiyira panjira, ndipo palibe boma kapena kampani imene ingawalembe ntchito onse. Choncho tonse timagwirizana kuti apatsidwe mpamba. Andale amalonjeza ngongole, mabungwe amaphunzitsa kalembedwe ka mapulani a bizinesi, mabanki nawo amakhoma zikwangwani zokopa. Koma pali funso limodzi limene silifunsidwa pa misonkhano yotereyi, pomwe ndilo limasowetsa tulo mnyamata kapena mtsikana aliyense amene adasainirapo ngongole. Funsolo nali: mpamba uja ukakokoloka ndi madzi, kapena ukapserera m'munda ndi dzuwa, woyenera kusenza chitayikocho ndani?

Kale funsoli likadaoneka ngati la anthu okonda kulosera zoipa. Lero ayi. Mu Januwale 2015 madzi adasefukira mpaka maboma 15 adalengezedwa kuti ali pa ngozi. Chaka chotsatira kudadza chilala chimene chidasiya anthu oposa 6 miliyoni akudalira chakudya cha thandizo. Mu Malichi 2019 kudali namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko lidataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ometa tsitsi, owotcherera zitsulo ndi a zigayo adakhala manja lende masiku ambiri. Mu Malichi 2023 Freddy adagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, oposa 600,000 adasowa pokhala. Mu Malichi 2024 ng'amba idakhudza maboma 23 mwa 28. Werengani nokha: pa zaka khumi, ngozi zikuluzikulu zisanu ndi imodzi. Munthu woyamba geni lero amene akuganiza kuti nyengo siidzamukhudza akudzinamiza, ndipo wobwereketsa amene akulemba pangano ngati kuti mvula ikugwa monga inkagwera kale akunamiza mnzakeyo.

Tiyerekeze achinyamata awiri a m'mudzi umodzi ku Chigwa cha Shire, onse atenga ngongole yofanana tsiku limodzi. Woyamba ndi mnyamata, wagula foni yodula, zotsalazo wamwera mpaka zatha. Wachiwiri ndi mtsikana, wagula pampu yoyendera mphamvu ya dzuwa, wabwereka dimba, wabzala tomato ndi anyezi, akudzuka m'mbandakucha tsiku ndi tsiku. Wakolola kamodzi, wabweza gawo loyamba la ngongole, wabzalanso. Usiku umodzi mtsinje wasefukira, pampu yapita, dimba lasanduka mchenga wokhawokha. Mwezi ukatha wotolera ngongole amafika ndi buku lake, ndipo m'bukumo anthu awiriwa amalembedwa ndi liwu limodzi: sadabweze. Onse awiri alandidwa njinga ndi malata, onse awiri dzina lawo laipa, onse awiri sadzakongozedwanso. Kodi chimenechi ndi chilungamo? Mtima umayankha msanga kuti ayi. Koma tisathamange, poti nawo amene amati ngongole ndi ngongole basi ali ndi mfundo zawo zofunika kuzimva.

Mfundo yawo yoyamba ndi yakuti ndalama yobwereketsa ili ndi mwini wake. Ngati ndi ya ku banki, ndi ya anthu amene adasungitsa kumeneko, ena mwa iwo aphunzitsi opuma pantchito ndi amayi ogulitsa mandasi. Ngati ndi ya boma, ndi msonkho wanu ndi wanga. Ngati ndi ya banki m'khonde, ndi thukuta la anzako a m'mudzi momwemo amene nawonso madzi aja adawalowera m'nyumba. Ukakhululukira mmodzi, walanga ena amene sadalakwe kanthu. Mfundo yachiwiri ndi yakuti thumba limene silibwezeredwa limauma, ndipo likauma wovutika ndi mng'ono wake wa wobwerekayo, amene akadzafika pa msinkhu adzapeza mulibe kanthu. Yachitatu ndi ya khalidwe: munthu akazolowera kuti lonjezo limasungunuka zinthu zikavuta, sadzasunganso lonjezo lililonse. Akuluakulu adati mlandu suwola, ndipo maganizo amenewa ndi amene akhala akuchititsa kuti anthu osauka azikhulupirirana ndi kubwerekana popanda loya kapena chikalata.

Mbiri yathu nayo ikuwaikira umboni. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 alimi ang'onoang'ono ankatenga feteleza ndi mbewu pa ngongole kudzera m'makalabu awo, pansi pa nthambi ya Unduna wa Zamalimidwe imene inkadziwika kuti SACA. Pa K100 iliyonse yobwerekedwa, yoposa K90 inkabwerera, ngakhale tisabise kuti mantha a nthawi ya chipani chimodzi nawo ankathandizira. Kenaka kudadza chilala cha 1991/92 chimene chidadula zokolola za chimanga ndi theka ndi kupitirira. Posakhalitsa kudabwera riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, ndipo m'chipwirikiti cha ndale za nthawiyo mawu adawanda akuti ngongole zija siziyenera kubwezedwa. Alimi ambiri adaleka kubweza, ena chifukwa adalibedi, ena chifukwa adaona kuti anzawo aleka. SACA idagwa, ndipo mu 1994 ntchito yake idapita ku kampani ya MRFC. Zitatha izo tidaona MARDEF mu 2005, thumba la achinyamata la YEDEF mu 2010, kenaka MEDF, imene mu 2020 idasinthidwa dzina kukhala NEEF. Maina adasintha kangapo, koma dandaulo limene nyuzipepala zakhala zikulemba ndi limodzi: ambiri otenga ngongole za boma amaziyesa mphatso yothokozera mavoti.

Amene amawerenga mbiriyi mwachangu amati phunziro lake ndi lakuti chifundo chimapha thumba. Ine ndikuona kuti phunziro lake ndi lina. Chilala chidafika padalibe lamulo lodziwika kwa onse lonena kuti mvula ikakanika mlimi adzachita chakuti, wobwereketsa adzachita chakuti. Tsono malo opanda lamulowo adadzazidwa ndi mawu a pa nsanja ya ndale. Chifundo chobwera zinthu zitavuta kale, chochokera pakamwa pa munthu wofuna mavoti, chimagwera amene ali pafupi ndi nsanjayo, osati amene wavutika kwambiri. Mtsikana wa pampu uja alibe amalume ku likulu, iye adzalandidwa malata. Mnyamata womwera mpamba, ngati amavina bwino pa misonkhano ya chipani, dzina lake lidzafufutidwa m'buku. Nkhanza ndi chifundo chosalongosoka zimafanana pa chinthu chimodzi: zonse ziwiri sizifunsa kuti kodi chidachitika n'chiyani.

Nkhanzayo nayo ili ndi mtengo wake umene sulembedwa m'buku la wotolera ngongole. Wachinyamata woopa manyazi amathamangira kwa katapila kukatenga ndalama yobwezera ngongole yoyamba, pa chiwongoladzanja choti sangachikwanitse ngakhale atagwira ganyu usana ndi usiku. Akalephera apo amagulitsa zipangizo zotsala, makina osokera kapena njinga ya kabaza, zomwe zikadamudzutsa. Ena amathawa m'mudzi usiku kulowera ku Johannesburg, kusiya mkazi ndi mwana akuyankha milandu. Ena, makamaka atsikana, amalowa m'banja limene sadalifune kuti apeze wowalipirira. Achinyamata anzawo amaona zonsezi, n'kutsimikiza mumtima kuti kuli bwino kukhala pa bawo tsiku lonse kusiyana n'kuyesa bizinesi. Motero nkhanza yochitira munthu mmodzi imapha mabizinesi khumi asanabadwe.

Makolo athu funso lakuti chidachitika n'chiyani ankalifunsa. Munthu wokhala ndi mbuzi kapena ng'ombe zambiri ankaikiza zina kwa mbale kapena mnansi wopanda chiweto. Woikizidwayo ankamanga khola, ankadyetsa, ankapindula ndi manyowa, ndipo ziweto zikaswana ankalandira yake, ija timati chakhola. Umenewu udali mpamba weniweni kwa munthu woyamba moyo. Nanga mbuzi ikafa? Apa mpamene padali nzeru. Ikafa ndi matenda, kapena kugwidwa ndi fisi khola lili lotseka bwino, woweta ankauza mwini wake msanga ndi kuonetsa umboni, nkhani n'kuthera pomwepo. Mwini mbuzi wataya mbuzi, woweta wataya thukuta lake ndi chakhola chimene ankayembekeza. Koma ikasowa chifukwa woweta adasiya khola lili pululu, kapena adaigulitsa mwamseri, mlandu unkapita pabwalo. Aliyense ankayankha pa zimene zidali m'manja mwake.

Nzeru imeneyi si ya kwathu kokha. Malamulo a Hammurabi, mfumu ya ku Babylon imene idalamulira zaka pafupifupi 1,750 Khristu asanabadwe, ali ndi ndime yonena za mlimi wa ngongole amene munda wake waonongeka ndi chigumula kapena ndi kusowa kwa madzi. Chaka chimenecho mlimiyo sapereka mbewu kwa womukongoza, ndipo chiwongoladzanja cha chakacho sichiwerengedwa. Koma malamulo omwewo, ndime zochepa kutsogolo kwake, amati munthu amene wachita ulesi kukonza khoma lake lotchinga madzi, madziwo n'kuononga minda ya anzake, alipire. Buku la Eksodo, mutu 22, limasiyanitsanso chiweto choikizidwa chimene chajiwa ndi chilombo ndi chimene chabedwa m'manja mwa wosunga. Abale athu achisilamu ali ndi pangano lotchedwa mudaraba, m'mene wina amaika ndalama, wina amaika ntchito, phindu n'kugawana. Bizinesi ikagwa popanda kusasamala, mwini ndalama amataya ndalama, wogwira ntchito amataya mphamvu zake. Anthu otalikirana chotere, a nthawi ndi zipembedzo zosiyana, adafika pa mfundo imodzi: pali tsoka, pali kusasamala, pali chinyengo, ndipo zitatuzi sizilandira chilango chofanana.

Tsono tifunse: kodi tsoka la nyengo ya masiku ano ndi tsoka wamba, longa mphezi imene ilibe mwini? Akatswiri a zanyengo akuti ayi. Dziko lapansi likutentha chifukwa cha utsi wa malasha, mafuta ndi gasi umene mayiko a mafakitale akhala akutulutsa kwa zaka zoposa 150, ndipo kutenthako kukuchititsa kuti anamondwe azibwera ndi mvula yochuluka kuposa kale. Munthu mmodzi wa ku America amatulutsa mpweya wa kaboni wochokera ku mafuta ndi malasha woposa wa Amalawi 100 pamodzi. Koma tisaloze kunja kokha. Matope amene adakwirira nyumba ku Chilobwe adatsika m'phiri la Soche limene tidalimeta tokha. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo thumba la makala limagulidwa ndi ife a m'tauni, mabwana a m'maofesi omwe. Mchenga umene umadzaza Shire ndi Ruo umachokera m'minda ndi m'mapiri a kumtunda. Ngati ngozi yapangidwa ndi anthu ambiri chonchi, akutali ndi apafupi, zitheka bwanji kuti bilu yonse ipite kwa mtsikana mmodzi amene mlandu wake ndi wakuti adayesa kudzidalira?

Palinso mbali ina imene olimbikitsa chitukuko chosamala chilengedwe saiona. Kapangidwe ka ngongole ndi kamene kamasankhira wachinyamata bizinesi yoti achite. Mukam'patsa ndalama lero n'kumuuza kuti ayambe kubweza sabata yamawa, ndipo akaphonya mumulanda katundu, mwamuuza kale kuti asayerekeze kuchita kanthu kochedwa kubala. Nazale ya mitengo imafuna miyezi ingapo mbande zisanagulitsidwe. Mng'oma umadikira kuti njuchi zilowe, zimange, uchi ukhwime. Mitengo ya mango yokwatitsa imatenga zaka zitatu kapena zinayi. Dimba la mthirira limafuna miyezi itatu. Koma makala? Wadula mtengo, waotcha, sabata ziwiri zisanathe ndalama ili m'thumba, ndipo mtengowo sadaugule. Mchenga wa mumtsinje chimodzimodzi. Tsono m'mawa timam'lalikira mnyamata kuti asamale chilengedwe, madzulo timam'tumizira wotolera ngongole amene angakhutitsidwe ndi ndalama ya makala yokha. Kenaka a zankhalango akamulanda njinga pa rodibuloko timati ana a masiku ano ndi osamva. Amangwetu, wosamva ndani pamenepa?

Izi si zongoganiza. Ku Kolkata m'dziko la India akatswiri a zachuma adagawa amayi obwereka ndalama m'magulu awiri. Ena ankayamba kubweza patangotha sabata ziwiri monga mwa nthawi zonse, ena adapatsidwa miyezi iwiri yopumira asanayambe. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa mu 2013, zidaonetsa kuti amene adapatsidwa mpata adaika ndalama zambiri m'bizinesi, ndipo patatha zaka pafupifupi zitatu phindu lawo lidali lokulirapo. Zidaonetsanso kuti m'gulu lomweli olephera kubweza adachulukirapo. Mbali zonse ziwirizi n'zoona ndipo tiyenera kuzinena zonse. Kupatsa munthu mpata woti ayese chinthu chachikulu kumabala phindu, koma kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo wina ayenera kuvomera kuulipira. Walira mvula walira matope. Dziko limene likufuna achinyamata olimba mtima pa bizinesi koma silifuna kuluzapo ngakhale tambala likufuna chinthu chimene kulibe.

Nanga tichite chiyani? Yankho lili m'mwambi uja wakuti nkhanga zidapangana kusanache. Pangano la ngongole lizinena poyera, tsiku losaina lomwelo, zimene zidzachitike ngozi ya nyengo ikagwa. Lizinena kuti boma likalengeza kuti dera lakuti lili pa ngozi, kapena choyezera mvula chikaonetsa kuti mvula yaperewera kufika pakuti, kubweza kudzaima kwa miyezi yakuti, chiwongoladzanja sichidzakwera, katundu sadzalandidwa, ndipo dzina la wobwereka silidzadetsedwa. Ngongole siyafafanizidwa, yangodikira. Mayiko adayamba kale kuchita zimenezi pa ngongole zawo. Dziko laling'ono la Grenada, limene namondwe Ivan adalisakaza mu 2004, lidaika ndime yotere m'mapangano ake ndi olikongoza mu 2015, ndipo namondwe Beryl atawomba mu 2024 lidaimitsa kubweza mwalamulo, popanda kugwadira munthu. Ngati boma lathunthu, lokhala ndi nduna ndi maloya, likufunika mpata wotere, kuli bwanji wogulitsa tomato?

Nawo obwereketsa anthu osauka adaphunzira phunziro lomweli movutikira. Banki ya Grameen ya ku Bangladesh, imene Muhammad Yunus adayambitsa ndipo ife tidatengerako nzeru pokhazikitsa Malawi Mudzi Fund ku Chiradzulu ndi Mangochi mu 1990, idali ndi malamulo okhwima a kubweza sabata ndi sabata. Mu 1998 madzi adamiza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a dzikolo kwa milungu yambiri. Amayi ochuluka adalephera kubweza, ndipo ena adaleka n'kufika komwe ku misonkhano ya magulu awo. Bankiyo idakonzanso malamulo ake, ndipo pofika 2002 idali ndi njira yakuti wogwa m'mavuto akambirane ndondomeko yatsopano yobwezera pang'onopang'ono, n'kudzabwerera ku ndondomeko ya onse akapeza bwino. Sidathetse ngongole za anthu. Idangovomereza kuti munthu woona mtima akhoza kugwa, ndipo kuti kumudzutsa n'kwaphindu kuposa kumuthamangitsa.

Komabe kudikira kokha sikukwanira pamene chida chenicheni chogwirira ntchito chapita. Munthu amene pampu yake ili pansi pa mchenga, ngakhale mutam'patsa chaka, adzabweza ndi chiyani? Apa mpamene nzeru ya chakhola iyenera kugwira ntchito yake yonse. Chitayiko chigawidwe: gawo lina wobwereka alisenze, kuti asaiwale kuti ndalama idali ya eni, gawo lina lichotsedwe, ndipo amene mbiri yake ya kubweza idali yabwino ngozi isanagwe apatsidwe kampamba kena kodzukira msanga, chinyontho chisanathe m'nthaka. Kwa wobwereketsa izi zimamveka ngati kuponya ndalama m'madzi kachiwiri. Koma taganizani: kasitomala amene wadzuka adzabweza, pomwe amene mwamulanda malata mwapezapo malata akale basi, ndipo mwataya munthu amene akadachita nanu malonda moyo wake wonse.

Ena adzati mankhwala ake ndi inshuwalansi. Imathandiza, koma tisaiyese mankhwala a matenda onse. Boma la Malawi lidagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity m'nyengo ya 2015/16, pa mtengo wa madola pafupifupi 5 miliyoni. Chilala chidagwadi, koma poyamba makina owerengera adati palibe cholipira, chifukwa adawauza kuti alimi amabzala chimanga chochedwa kucha pomwe ambiri adabzala chocha msanga. Atakonza cholakwikacho ndalama zokwana madola 8.1 miliyoni zidafika mu Januwale 2017, njala itazunza kale anthu. Phunziro lake ndi lakuti choyezera chikhale chapafupi ndi anthu, chomveka kwa wobwereka, ndipo pakhale khomo lokadandaulako makina akalakwitsa. Nayo banki m'khonde ili ndi malire. Kathumba kake ka zadzidzidzi kamathandiza pamene mmodzi wadwala kapena waferedwa, koma madzi akalowa m'mudzi monse, onse amafuna kutapa tsiku limodzi ndipo palibe woponyamo. Mutu umodzi susenza denga, inde, komanso mitu khumi imene yamira limodzi siingalisenze. Pafunika wina woima pamtunda.

Woima pamtundayo ndi boma, mabanki akuluakulu ndi mayiko aja a utsi wambiri. Pa msonkhano wa zanyengo wa ku Sharm el-Sheikh mu 2022 mayiko adagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza mayiko osauka pa zimene ataya ndi zimene zaonongeka chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Ndalama zamtundu umenewu, kaya zichuluke kaya zichepe, zili ndi ntchito imodzi imene ingafike pa munthu wamba mosazungulira: kuima kumbuyo kwa mabungwe obwereketsa, kuti iwo akamaimitsa kapena kudula ngongole za achinyamata m'dera la ngozi asagwe nawo. Zikatero mphunzitsi wopuma pantchito uja sataya ndalama zake, thumba siliuma, ndipo wachinyamata amapeza popumira. Ndalama zimene timathera pa misonkhano ya kunyanja yokambirana za achinyamata ndi nyengo zikadagwira ntchito imeneyi, bwenzi tikuona kusintha. Ndipo thandizo si ngongole yokha. Sukulu ikagula mbande ku nazale ya achinyamata a m'deralo, chipatala chikagula ndiwo zamasamba ku dimba lawo, n'kulipira pa nthawi yake, amenewo apatsidwa msika wodalirika, umene nthawi zambiri umaposa mpamba.

Ndikudziwa chimene ena mukunena chamumtima: Amalawi mukawapatsa kampata kotere, aliyense adzati katundu wake adapita ndi namondwe. Nkhawa imeneyi njomveka, koma madzi osefukira si chinthu chobisika. Dera limene lamira limadziwika, a nthambi ya zanyengo ali ndi zoyezera mvula, zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga zimaonetsa minda imene yauma, ndipo koposa zonse anthu a m'mudzi amadziwana. Funsani amayi a gulu lake, adzakuuzani amene adali ndi dimba ndi amene adali ndi botolo. Chinyengo chimakula bwino pamene palibe lamulo, pomwe zonse zimadalira kuti ukudziwana ndi yani. Lamulo lolembedwa, lofanana kwa onse, limapatsanso wobwereketsa mphamvu yoti akhwimitse dzanja pa wachinyengo popanda kuchita manyazi, poti tsopano palibe amene anganene kuti akulanga anthu chifukwa cha mvula.

Inu achinyamata, musaganize kuti nkhaniyi ikukumasulani. Pangano la chakhola linkayenda chifukwa woweta ankamanga khola lolimba ndiponso ankanena zoona. Udindo wanu ndi womwewo. Lembani zimene mwagula ndi zimene mwagulitsa, ngakhale m'kope la mwana wasukulu, kuti tsiku la tsoka mudzakhale ndi umboni. A zanyengo akachenjeza kuti kukubwera namondwe, zulani pampu mukaisunge kumtunda. Kuisiya m'dimba mutamva chenjezo pawailesi si tsoka ayi, n'kusasamala. Musamange okala m'khwawa chifukwa choti malo ake ngotchipa. Musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Musaike mpamba wonse pa mbewu imodzi. Ndipo chaka chimene zinthu zayenda, bwezani msanga ndi mokwanira, chifukwa kukhulupirika kwanu pa chaka chabwino ndi kumene kumagulira mnzanu chifundo pa chaka choipa. Amene amabisala kumbuyo kwa namondwe pomwe mpamba adaudya yekha akubera anzake amene adamiradi.

Pansi pa zonsezi pali funso la momwe timaonera munthu. Timakonda kuyeza anthu ndi zotsatira: wapeza bwino ndiye kuti ngwanzeru, wagwa ndiye kuti ngwaulesi. Kuyeza kotereku n'kosavuta, ndipo kumasangalatsa amene zinthu zidawayendera, poti kumawauza kuti zonse adachita okha. Koma alimi awiri akhoza kulima mofanana, wina mtambo n'kumugwetsera mvula, wina n'kumudutsa. Amene adakolola sadapose mnzake khama, adamuposa mwayi. Ambiri a ife amene timalandira malipiro pakutha pa mwezi sitidakumanepo ndi mayeso otere: mvula igwe, isagwe, ndalama imalowa. Tsono tisanatche mwana wa mnzathu kuti wakuba chifukwa walephera kubweza, tiyambe tafunsa chimene chidachitika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndiponso wachinyamata amene wagwa kamodzi osati mwa kufuna kwake ndiye amene akudziwa tsopano kumene madzi amadzera, mbewu imene imapirira ndi msika umene umalipira. Tikamutaya, tataya naye limodzi maphunziro amene dziko lalipira kale.

Choncho mukadzamva wandale, wa bungwe kapena wa banki akulengeza za mabiliyoni a ngongole za achinyamata, musafulumire kuwomba m'manja, musafulumirenso kunyoza. Mufunseni mafunso atatu. Kodi wobwereka ayamba liti kubweza, ndipo nthawiyo ikugwirizana ndi bizinesi imene mukumulimbikitsa? Kodi pangano likuti chiyani za chaka cha chilala ndi cha madzi osefukira? Kodi amene adzagamule kuti uyu wagwa ndi tsoka, uyu wachita chinyengo, ndani, ndipo adzatsata lamulo liti? Ngati mayankho ake palibe, dziwani kuti mwini ndalamayo akufuna kugawana ndi ana athu phindu lokha, chitayiko chonse awasiyire. Ndipo inu amene mukukasaina, werengani pepalalo kufikira kumapeto. Ngati mulibe mawu onena za mvula, funsani chifukwa chake musanagwire cholembera. Kufunsa kotere si mwano, ndipo wobwereketsa woona mtima sadzakwiya nako.